Voti Imodzi ya ku Chemarus

Mtembo wa Elkana Sang unapezeka Lachisanu m'mawa ukuyandama chafufumimba m'dipi ya ng'ombe ya ku Chemarus. Anaupeza ndi amayi awiri amene analawirira ndi ng'ombe zawo. Sanakuwe. Kwathu kuno sabata ya chisankho munthu sakuwa chisawawa, chifukwa mfuu umodzi wokha umatha kuyatsa phiri lonse. Anangobweza ng'ombe zawo mwakachetechete n'kukaimba foni ali kutali.

Inspekitala Tuwei anafika isanakwane 8 koloko, nkhungu ya mu Ogasiti isanachoke m'minda ya tiyi. Anali ndi Kopolo Nasimiyu yekha, popeza apolisi ena onse anali kutauni ku Kaptoror, kulondera holo yowerengera mavoti a gavanala. Tuwei anabadwira kuphiri komweku. Mutu wake unali utayera kale ndi imvi, ndipo pa zisankho zonse zimene anaona panali chimodzi chimene sankachitchula. Chaka chimenecho ananyamula mitembo ya anthu owadziwa pa lole ya mkaka. Chiyambire pamenepo, sabata ya chisankho ankadya pang'ono ndipo ankayankhula motsitsa mawu.

Anauvuula mtembowo ndi mtengo. Kunkhongo kunali bala limodzi lakuya.

"Simenti siboola chonchi," anatero Tuwei. "Ichi ndi chibonga, ndipo amumenya atapereka msana."

Nasimiyu ananyamula dzanja lamanzere la malemuyo. "Afande, taonani," anatero, poti kuno wapolisi wamkulu timamuitana kuti Afande. "Inki ya voti ili pa chala chaching'ono monga tonsefe. Nanga ya pa chala chachikuluyi?"

"Ameneyu anali wotemera ng'ombe, Kopolo. Manja ake amakhala otere chaka chonse ndi mankhwala opopera pa zilonda. Zisiye zimenezo."

Anthu anali ataima patali, m'mbali mwa mpanda, ovala mabulangeti. Palibe anali kulira. Tuwei anawadziwa pafupifupi onse, koma aliyense amene anakumana naye maso anayang'ana pansi. Chete wotere ankamuopa kuposa phokoso.

Kaunti yathu, chigawo cholamulidwa ndi gavanala, inadulidwa pakati ndi mtsinje. Kuphiri, kumene kuli tiyi ndi mkaka, timavotera chipani cha Chipanda. Kuchigwa, kumene kuli nzimbe ndi tauni, amavotera cha Makwerero. Zakhala choncho kuyambira kale, moti mwana amadziwa chipani chake asanadziwe kumanga nsapato. Koma Chemarus inali ndi mbiri yakeyake. Pa sukulu ya kumeneko, pomwe anthu amaponyera voti, sipanatulukepo voti ngakhale imodzi ya Makwerero, ndipo pamisonkhano anthu ankaimba kuti chipanda cha ku Chemarus sichidontha. Lachiwiri lapitalo, tsiku la chisankho, chinadontha. Powerenga mavoti a gavanala, pepala limodzi linali ndi chizindikiro pa Makwerero. Limodzi lokha, koma mudzi wonse unadwala nalo.

Munthu woyamba kuyandikira apolisi anali Hosea Bitok, monitala wa Chipanda pa sukulupo, mwamuna wojintcha wa mawu ofewa. Anali atavala sweta yopyapyala, akunjenjemera ndi kuzizira.

"Afande, pepani ndi ntchito yotere," anatero. "Elkana tinakulira limodzi. Tinkaweta limodzi kudamboku."

"Ndani angamuchite zimenezi?"

Hosea anausa moyo. "Ine sindikonda kutchula anthu. Koma mukudziwa anakakwatira kuti."

"Ndikudziwa. Kunyanja, kwa anthu a Makwerero."

"Eya. Mkaziyo, Apondi, Lachiwiri analowa yekha m'kachipinda kovotera, ine ndikuona. Pamudzi pano walowa yekha ndi angati? Anthu akuti voti ija ndi yake. Akuti Elkana anamukalipira, mkaziyo n'kuitana mlongo wake wa njinga yamoto uja. Dzulo madzulo anamveka akukangana pachipata."

"Anthu akuti. Nanga iwe ukuti bwanji?"

"Ine ndikuti mufulumire, Afande. Anyamata ndawagwira, koma manja anga ndi awiri okha. Akuti mtembo ukangolowa pakhomo mawa, nyumba ija aitentha, ndipo mkaziyo akapezeka m'menemo ndi zake."

Tuwei ankadziwa mmene zimayendera. Ikapsa nyumba imodzi ya mkazi wakunyanja kuphiri, dzuwa lisanalowe zipsa sitolo za anthu akuphiri kutauni, ndipo pambuyo pake palibenso amakumbukira amene anayamba.

Apondi anamupeza atakhala pansi m'khitchini, ana ake awiri atamukakamira. Chitseko anali atachitchinjiriza ndi thumba la chimanga. Anawatenga onse atatu pa galimoto kupita nawo ku polisi ya Kaptoror. Akudutsa pamsika wa Chemarus, mwala unagunda chitseko cha galimoto. Mwana wamng'onoyo anadzikodzera, koma sanalire.

M'chipinda chofunsira anthu, 11 koloko, Apondi anakhala manja ali pamiyendo. Anali namwino pa chipatala chaching'ono cha kuphiri, ndipo theka la ana a ku Chemarus anabadwira m'manja mwake.

"Amake Jelimo," anayamba Tuwei, "lamulo silindilola kukufunsani amene munavotera."

"Ndifunseni basi, bwana. Aliyense wandifunsa kale ndi maso."

"Chabwino. Munavota bwanji?"

Apondi anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. "Monga ndimavotera nthawi zonse. Magalasi anga ndinawasiya kunyumba."

Tuwei anagwedeza mutu. Nasimiyu, yemwe anachokera kaunti ina, anayang'ana uyu ndi uyu.

"Afande, magalasi alowa bwanji pamenepa?"

"Muuzeni," anatero Tuwei.

"Mchemwali, kuphiri kuja tsiku la voti anthu amachita khungu," anatero Apondi. "Aphunzitsi amaiwala kuwerenga. Abusa manja amanjenjemera. Ukafika umanena kuti sindikuona bwino, ndithandizeni. Ndiye woyang'anira chisankho amaitana monitala kuti aone, iwe n'kutchula mokweza amene ukufuna. Mapepala ndi asanu ndi limodzi, ndiye umatchula Chipanda kasanu ndi kamodzi. Monitala akamva ndi makutu ake, ugona bwino. Ine mlendo, ndingayerekeze kulowa ndekha m'kachipinda? Ndili ndi ana."

"Monitala anali ndani?" anafunsa Tuwei.

"Alipo wina? A Makwerero satumiza munthu ku Chemarus, amafuna moyo. Anali a Hosea. Anaima pafupi ngati mmene mwakhaliramu. Nditamaliza anandiuza kuti, mlamu, wachita bwino."

Tuwei anakumbukira mawu a Hosea aja. Mmodzi mwa anthu awiriwa anali kunama, ndipo mkazi woopa kuphedwa amatha kunena chilichonse.

"Amuna anu anavota nthawi yanji?"

"Analawirira kusanache. Anati ali ndi kantchito. Sanandiuze."

"Ndipo lero?"

"Anapita kukasakaniza mankhwala kudipi monga Lachisanu lililonse." Anayang'ana Tuwei. "Bwana, mawa ine ndikubwerera. Mtembo wa mwamuna wanga sungalowe pakhomo ine kulibe."

"Akuphani."

"Ndikapanda kukhala pamaliro, abale ake anena kuti ndathawa chifukwa ndine ndinapha. Atenga munda, atenga ng'ombe, atenganso ana, poti ana ndi akuchimuna kuno. Ndiye kusiyana kwake kuli pati? Ndikuopa, bwana. Koma ndipita."

Mlongo wake wa Apondi, Odera, apolisi anamugwira pasiteji ya njinga zamoto masana. Analowa akutukwana, koma ataona nkhope ya Tuwei anazizira.

"Unakangana ndi mlamu wako dzulo?"

"Tinakangana, inde! Ndinapita kukatenga mchemwali wanga ndi ana ndiwaolotse mtsinje zisanavute. Iye akuti ayi, kuthawa ndi kuvomera mlandu. Ndinamuuza kuti ndiwe chitsiru, anthu ako ndikuwadziwa. Iye akuti dikira Lamlungu, nkhaniyi ndikaithetsa kutchalitchi."

"Aithetsa bwanji?"

"Ndikanadziwa bwanji? Munthu uja ankayankhula ndi ng'ombe kuposa anthu."

"Lero m'bandakucha unali kuti?"

"Afande, mlatho munautseka ndinu nomwe. Kafunseni anyamata anu. Ndinaoloka womaliza dzulo, anandilanda ngakhale nthochi zanga. Kapena mukuti ndinasambira mtsinje wodzaza uja ndi njinga kumsana?"

Nasimiyu anaimba foni kumlatho. Zinali zoona. Mlatho unatsekedwa madzulo, unatsegulidwa 7 koloko m'mawa, ndipo Odera anali tsidya lakuchigwa nthawi yonseyo. Anamumasula. Tsiku linatha alibe kanthu m'manja, kunja anthu akuyenda m'magulumagulu, mawailesi ali kukhutu, kudikira dzina la gavanala. Eni sitolo ochokera kuphiri anali atayamba kale kutulutsa katundu pakhomo lakuseri.

Loweruka, 8 koloko m'mawa, Tuwei ndi Nasimiyu anapita kunyumba yachisoni kukaona dokotala amene anapima mtembo. Dokotala anatsimikiza za chibonga, n'kuwonjeza kuti m'mapapo munalibe madzi. Anamuponya m'dipi atafa kale. Mtembo unali utasambitsidwa, utavekedwa suti. Tuwei anaima kuuyang'ana, ndipo maso ake anagwera pa manja opingasa pachifuwa. Sopo ndi mankhwala a kuchipatala anali atachotsa utoto wonse wa ng'ombe. Manja anali oyera. Koma pa dzanja lamanzere panatsala madontho awiri akuda amene sanachoke, pa chala chaching'ono ndi pa chala chachikulu.

"Kopolo," anatero mwakachetechete, "dzulo unali ndi maso, ine ndinali ndi pakamwa. Inki ya pa chala chachikulu amapaka munthu amene wathandiza mnzake kuvota, kuti asathandizenso wina. Elkana analowa m'kachipinda ndi munthu."

"Ndiye kantchito kaja?"

"Kameneko. Tipeze amene ankayang'anira chisankho pa sukulu ija."

Anali Mayi Kerubo, mphunzitsi wa kutauni. Anawapeza akulongedza zikwama kuti apititse ana kumudzi kwawo. Ataona apolisi anasiya zikwamazo n'kukhala pansi.

"Ine ndinangowerenga zimene zinali m'bokosi," anatero. "Pepala lija nditalikweza m'mwamba, m'kalasi monse munangoti zii. Ndinaganiza kuti sindituluka wamoyo."

"Sitinabwerere zimenezo, mayi. Mukumukumbuka namwino, Apondi Sang?"

"Ndingamuiwale? Namwino wathunthu kundiuza kuti satha kuona! Anatchula Chipanda mokweza mpaka ndinachita naye manyazi."

"Monitala analipo?"

"Ataima pambali pake, akumwetulira."

Tuwei ndi Nasimiyu anayang'anana.

"Nanga mwamuna wake anathandiza ndani?"

"Wotemera ng'ombe uja? Anabwera titangotsegula, atagwira dzanja nkhalamba yosaona, yovala chijasi cha usilikali. Ndinafunsa mkuluyo ngati wasankha yekha womuthandiza. Anati, ndasankha ndekha, mwana wanga, koyamba. Ndinamulumbiritsa Elkana kuti sadzaulula, n'kulowa awiriwo. Monitala anali asanafike, ankatuta anthu ndi thirakitala. Madzulo ndinamumva akufunsa kalaliki kuti bambo ake abwera ndi ndani."

"Bambo ake?"

"Eya. Nkhalambayo ndi bambo ake a monitala. Anthu pamzere ankati Hosea watuma mnzake poti watanganidwa. Koma nkhope imene anaonetsa madzulo aja sinali ya munthu amene anatuma."

Ali m'galimoto foni ya Nasimiyu inalira. Anamvetsera, nkhope ikusintha.

"Afande, abale atenga mtembo. Apondi wakwera nawo, ana wasiya kwa Odera. Ndipo akuti pamsika wa Chemarus petulo watha, anyamata agula ndi zigubu."

"Tili ndi apolisi angati?"

"Inu ndi ine."

Tuwei anayendetsa yekha. Ataoloka mlatho anayamba kuona zimene anaziona chaka chija: ana kulibe m'misewu, ng'ombe zotsekeredwa masana, mitengo yodulidwa itagonekedwa m'mbali mwa msewu kudikira kukokeredwa pakati. Anadutsa pakhomo pa malemu osaima. Anangoona tenti ya maliro, Apondi atakhala yekha pambali pa bokosi, ndi anyamata ambiri atatsamira mpanda, zigubu zili pamapazi.

"Afande, simuima?"

"Tikaima ndi mfuti ziwiri, tifa anthu atatu, ife ndi Apondi. Moto uwu uli ndi mwini wake."

Kwa Hosea Bitok anafika 12 koloko itangodutsa. Pa waya wa mpanda panali jekete yobiriwira ya chipani, yochapidwa, isanaumebe. Apa Tuwei anazindikira chimene chinamusowa dzulo kudipi. Hosea sankavula jekete imeneyo ngakhale kutchalitchi. Anayandikira n'kuinunkhiza. Sopo analipo wambiri, koma fungo la dipi silimva sopo.

Bambo ake okalamba a Hosea, Mzee Kipsaina, anali atakhala pampando panja, m'chijasi chake cha usilikali, maso oyera atalozetsa kumwamba. Hosea anatuluka m'nyumba akumanga lamba.

"Afande! Mwandipeza ndikupita kumaliro, ndikawakhazike mtima pansi anyamata."

"Khala pansi kaye. Dzulo unandiuza kuti Apondi analowa yekha m'kachipinda."

"Ndi mmene ndinaonera."

"Mayi Kerubo akuti anatchula Chipanda kasanu ndi kamodzi, iwe uli pambali pake ukumwetulira."

"Anthu anali ambiri, Afande. Munthu umasokoneza."

"Mlamu wako umamusokoneza? Chabwino. Jekete ija wachapiranji kukuzizira chonchi?"

"Inada."

"Ikununkha dipi."

"Ndine woweta ng'ombe. Pamudzi pano ndani sanunkha dipi?"

Nkhalambayo inayankhula osatembenuza mutu. "Ng'ombe zathu sizinapite kudipi dzulo, Hosea."

"Bambo, lowani m'nyumba, kukuzizira."

"Sizinatuluke m'khola. Ndinazimva zikulira mpaka dzuwa litakwera. Koma iwe unalowa m'mawa ukununkha dipi, ukupuma ngati wathamangitsidwa. Unatunga madzi kawiri. Maso ndilibe, koma mphuno sunandilande." Anatembenukira kumene kunali mawu a Tuwei. "Ndiwe mwana wa Tuwei wa kudambo? Ndiuze zoona. Akuti Elkana wafa. Wafa bwanji?"

"Anamenyedwa ndi chibonga kunkhongo, Mzee."

Mkuluyo anafunafuna ndi dzanja pansi pa mpando wake. Sanapeze kanthu.

"Chibonga changa chimakhala apa," anatero. "Chiyambire dzulo sindikuchipeza."

Hosea anayang'ana kuchipata. Nasimiyu anali ataima pamenepo. Anayang'ana kuminda ya tiyi, kenako anakhala pa chitsa.

"Unamupheranji mnzako?" anafunsa Tuwei.

"Sindinapite kukamupha." Mawu ake ofewa aja anali atauma. "Afande, inu ndinu wakuno, mukudziwa. Ine ndinamwa chambiko m'chipanda chimodzi ndi akuluakulu a chipani, pamaso pa anthu, n'kulumbira kuti Chemarus sidontha. Anandilonjeza ntchito kukaunti. Chisankho chilichonse bambo ndimapita nawo ndine, masana, ndimawavotera ndine. Lachiwiri ndikubwera kudzawatenga, ndikupeza inki ili kale pachala. Akuti ndavota kale. Madzulo pepala lija likutuluka. Mukanakhala inu mukanaganiza chiyani? Munthu wazembera mwana wake m'bandakucha kuti akavotere chiyani?"

"Ndiye unaloza Apondi."

"Anthu anali atayamba kale kumutchula! Ine ndinangokhala chete, kenako ndinawonjezera pang'ono. Zikanadziwika kuti kudontha kwachokera m'nyumba ya monitala, zigubu zija zikanabwera pano. Anyamata aja ndinawaphunzitsa ndine, ndikuwadziwa. Iye ndi mlendo, ali ndi kwawo kothawira. Ine ndikanathawira kuti?"

"Kudipi kunachitika chiyani?"

"Ndinapita kukamupempha. Ndinati, Elkana, tumiza mkazi wako kwawo mwezi umodzi, zizizire. Iye akuti Lamlungu aimirira m'tchalitchi anene kuti ine ndinamumva Apondi ndi makutu anga, ndipo anthu andifunse chimene ndikunamira. Ndinati, chabwino, ndiuze chimodzi chokha, bambo anga anavotera ndani? Akuti ndinalumbira, sindinganene. Ndinamugwira malaya. Akuti, Hosea, bambo ako ali moyo, ali ndi pakamwa, kawafunse. N'kutembenuka kumatsegula chigubu cha mankhwala ngati ine ndine mwana." Anabisa nkhope m'manja. "Kamodzi kokha. Chibonga chili m'chimbudzi."

Kutali kunamveka wenzulo, kenako wina kuyankha.

"Unandifunsa?" inatero nkhalambayo.

"Bambo..."

"Ndikuti, unabwera kudzandifunsa?"

"Ndikanafunsa chiyani? Zinali zoonekeratu."

"Chipanda," anatero Mzee Kipsaina. "Mapepala onse asanu ndi limodzi. Chipani chimenechi ndinachinyamula pamsana iwe usanabadwe, ndingachisiye lero ndili pafupi ndi manda? Ndinavotera Chipanda, Hosea."

Hosea anadzutsa mutu.

"Chiyambire maso anga kufa, umandikoka ngati mbuzi yopita kumsika. Umandiimika pakona, umalemba wekha, umandibweza. Sunandifunsepo n'kamodzi komwe kuti, bambo, mukufuna ndani? Ndinapempha Elkana chifukwa ndinkafuna munthu wondifunsa. Anandiwerengera mayina onse, mmodzimmodzi, ngakhale a Makwerero, n'kudikira. Ine n'kunena ndekha. Zinali zokhazo." Misozi inatsika m'maso oyera aja. "Wapha mwana wa eni chifukwa cha funso limene ukanandifunsa tikumwa tiyi."

"Ndiye voti ija ndi ya ndani?" ananong'ona Hosea.

Tuwei anatulutsa unyolo n'kumumanga manja. Wenzulo analiranso, pafupi.

"Mwana wa Tuwei," inatero nkhalambayo ikudzuka, "usapite naye kutauni kaye. Upite naye kumaliro. Iyeyu amakonda anthu onena mokweza. Akanene."

Anayenda wapansi, chifukwa msewu unali utatsekedwa kale ndi mitengo. Tuwei anali patsogolo ndi Hosea, Nasimiyu m'mbuyo atagwira mkono wa mkuluyo. Tuwei ankadziwa kuti gulu likaona monitala wake ali mu unyolo likhoza kuwakhadzula onse asanatsegule pakamwa. Atafika pachipata fungo la petulo linawalandira. Khoma limodzi la nyumba linali litanyowa kale. Apondi anali pomwe paja, dzanja lili pa bokosi, maso otseka, milomo ikuyenda.

Anyamata ataona unyolo anakuwa n'kuyamba kuyandikira. Wina anatola mwala. Koma Mzee Kipsaina anasiya mkono wa Nasimiyu n'kupita yekha kutsogolo, akupapasa mphepo, ndipo palibe mnyamata wa ku Chemarus akanaponya mwala kumene kunali chijasi chimenecho.

"Nena," anauza mwana wake.

Hosea ananena. Poyamba motsitsa, mpaka bambo ake anati sakumva. Ananenanso mokweza, kuti Apondi anatchula Chipanda iye akumva, kuti ananama, kuti Elkana anamupha ndi iye. Atamaliza kunali chete wina, wosiyana ndi wa kudipi uja. Mnyamata amene anali ndi machesi anawabweza m'thumba. Mayi wina wachikulire, amene zidzukulu zake zinabadwira m'manja mwa Apondi, anadzuka n'kukakhala pansi pafupi naye. Kenako wachiwiri. Ndipo pamenepo m'pamene maliro a Elkana Sang anayamba kuliridwa.

Wina kumbuyo anafunsabe, poti anthu sitisintha tsiku limodzi: "Nanga voti ija anaponya ndani?"

"Lamulo silindilola kufunsa," anatero Tuwei, "ndipo iwenso silikulola."

Mpaka lero palibe akudziwa. Aliyense wa ife amene analowa yekha m'kachipinda tsiku lija amayang'anidwabe pamsika, ndipo ena amene anatchula mokweza amadzifunsa chimene akanalemba pakanakhala popanda womvetsera.

Asanapite ndi wamndende wake, Tuwei anagwada pafupi ndi Apondi.

"Amake Jelimo, ndingakuperekezeni kutsidya maliro akatha. Palibe angakunenereni kanthu."

Apondi anayang'ana khoma lonyowa ndi petulo, n'kuyang'ana bokosi.

"Ndikhala, bwana. Ana abwere mawa adzaike bambo awo." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ndinakuwa Chipanda kasanu ndi kamodzi kuti ndigone bwino, ndipo onani mmene ndagonera. Chisankho chikubwerachi ndidzapita ndi magalasi anga."